Nkhoswe Yobwereka ya Felista

Bangwe, 2000

Ana anga, ntchito ya ku sekondale ndinaiyamba imvi zitayamba kale kuonekera. Ndinali nditaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri, ndipo masekondale oyendera atachuluka m'matauni, anatitola ife akale n'kutiponya kumeneko. Ine anandipatsa sukulu ina ku Bangwe, kumtunda kumene minibasi imafika ikulira. Ahedi anali a Nankhuni, munthu wamfupi wa mawu aakulu, wosavula tayi ngakhale mu Okutobala. Tsiku loyamba anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato n'kunena kuti, "A Alufandika, inu a ku Nsanje mumalankhula Chisena, ndiye tikupatsani Chichewa kuti muchiphunzire bwino." Ndinaseka nawo poti anali bwana, koma mtima unandipsa sabata yonse. Umo ndi mmene ndinakhalira mphunzitsi wa mabuku a Chichewa mpaka tsiku limene ndinapuma.

Mabukuwo ndiye kunalibe. Kalasi inkadzaza mpaka pakhomo, ena atakhalira njerwa, pamene buku la mayeso linali limodzi, langa. Ndinkalimasula ulusi n'kuligawa mitumitu, gulu lililonse mutu wake, Lachisanu n'kusinthana. Vuto la njira imeneyi linali loti ena ankawerenga maliro asanaone ukwati. Mtsikana wina anakweza mkono tsiku lina n'kufunsa kuti, "Aphunzitsi, mayi ameneyu tinamuika m'manda sabata yatha, lero akukwatiwanso bwanji?" Kuti nkhani ilumikizane ndinkalemba manotsi pabolodi, ana n'kukopera. Mabuku ankasintha pakapita zaka, koma mfundo zake zinkakhala zomwezo: chikondi choletsedwa, ukwati wokakamiza, banja losowa mtendere. Nthawi zonse pamakhala mtsikana wokonda uyu koma wopatsidwa uyo, ndi akuluakulu omuuza kuti apirire. Funso la mayeso loti wolakwa ndani ndinkalidziwa ngati dzina langa, ndipo yankho ndinkalipereka mosakayika, kuti olakwa ndi akuluakuluwo. Ndinkawadzudzula ndi mtima wonse moti ana ankandiombera m'manja, inenso ndinkakonda zimenezo.

Ndirande, 2002

A Nankhuni atawasamutsira ku Ndirande anandipempha kuti ndipite nawo ndikakhale wachiwiri wawo. Tinali titazolowerana, iwo ankakuwa, ine ndinkakonza zimene aononga pokuwapo. Kumeneko ndiko ndinakumana ndi Felista, mtsikana wongochoka kumene ku koleji, wophunzitsa mabuku a Chingerezi. Atamva mmene ndinkapatsira moni m'sitafu anabwera n'kundifunsa m'Chisena kuti kwathu n'kuti. Tinapeza kuti midzi yathu inkamwa mtsinje umodzi ndipo tonse tinabatizidwa pa mishoni imodzi. Kuyambira pamenepo anasiya kunditchula a Depute, anayamba kunditchula Baba.

Felista anali wamakani pa nkhani za mabuku, ndipo pa nthawi ya tiyi tinkakangana mpaka belu. Iye ankaphunzitsa mabuku akale a Azungu, ine athu a kuno, koma tinaona kuti matenda ake ndi amodzi. Ine ndinkati alembi athu ndi anzeru chifukwa amachenjeza ana. Iye ankati, "Baba, taonani bwino. Kwa Azungu mkazi akakonda wolakwika amamupha kumapeto, kwa ifenso chimodzimodzi. Alembiwo amasowa poti amuike, ndiye amangomukumbira manda." Ndinkamuuza kuti akulankhula choncho chifukwa sanakwatiwe. Ankaseka mpaka kutsamira khoma.

Chaka chomwecho anabwera kwathu ku Zingwangwa Lamlungu masana, n'kukhala pamkeka pafupi ndi mayi anu. Anati akukwatiwa ndi Zuze, kalaliki pa kampani ina ku Chirimba, mwana wa mnzawo wa malemu bambo ake. Makolo anali atagwirizana kalekale, malowolo atapita kale kumudzi. Chotsala chinali ukwati wa ku tchalitchi, ndipo ansembe ankafuna nkhoswe ya kuchikazi yooneka ndi maso. Bambo ake aang'ono, amene anali eni ake a unkhoswewo, miyendo inali itatupa, ulendo wa ku Blantyre sakanautha. "Mungoimirira m'malo mwawo tsiku lokhalo, Baba," anatero. M'tauni zimenezi zimachitika kawirikawiri. Munthu akasowa mbale amabwereka nkhoswe kwa mnzake wa kumudzi monga timabwerekera mipando ya pa chikondwerero. Ndinamufunsa kuti Zuzeyo ndi munthu wotani. Anati, "Ndi wabwino, onse akutero." Ndinafunsanso kuti iyeyo akuti bwanji, ndipo anabwereza zomwezo akuyang'ana pansi.

Atachoka, mayi anu anandiuza kuti, "Bambo a Tereza, unkhoswe si jekete yoti mudzavula madzulo. Mwana mwamuona nkhope yake?" Ndinawayankha kuti atsikana onse amachita manyazi pa nkhani zotere. Ndinavala suti yanga, ndinaimirira kutsogolo, ndinalangiza bwino moti anthu analuluta. Chaka chisanathe bambo aang'ono aja anamwalira kumudzi, ndipo panalibe wina wobwera kudzatenga udindo wawo. Unkhoswe wa tsiku limodzi uja unakhala wanga.

Zingwangwa, 2003 mpaka 2007

Felista anabereka ana awiri, wamkazi kenako wamwamuna. Za Zuze ndinene zoona, sanamumenyepo ngakhale kamodzi, ndipo ndiwo pakhomo sizinkasowa. Chake chinali kusalankhula. Ankatha mwezi osamuyankha mkazi wake, akafuna madzi osamba ankauza khanda lili kumsana kwa mayi ake. Mabuku a Felista ankadana nawo, ankati ndiwo amaphunzitsa akazi mwano, ndipo tsiku lina anang'amba ena n'kukolezera mbaula. Pambuyo pake zinamveka kuti ali ndi khomo lina ku Chilobwe. Zikafika pakhosi Felista ankafika kwathu ndi chikwama, mwana kumsana wina kudzanja. Inu aakulunu mukukumbukira masiku amene tinkakusamutsirani pabalaza kuti mlendo agone kuchipinda kwanu.

Ntchito ya nkhoswe ndinkaidziwa, ndipo ndinkaigwira bwino. Ndinkaitana nkhoswe ya kuchimuna, tinkakhala pakhonde, aliyense ankanena mbali yake. Pamaso pa anthu Zuze ankasanduka wofatsa, ankapepesa ndi mawu otsika manja ali pamaondo, mawa lake n'kutumiza nkhuku. Ine ndinkamudzudzula mokwanira kuti Felista aone kuti ali ndi womuimira, kenako ndinkatembenukira kwa Felistayo ndi mawu ofewa, za ana, za malumbiro a pa guwa, za mawa. Pomaliza ndinkanyamula chikwama chija ndekha mpaka pa siteji ya minibasi. Kangati sindikumbuka, koma nkhuku za Zuze munadyako nonsenu. Mbiri inamveka kumphakati, kagulu kathu ka ku tchalitchi, kuti a Alufandika banja likafika m'manja mwawo silitha, ndipo anthu anayamba kundiitana ngakhale ku mabanja osandikhudza. M'mawa ndinkadzudzula akuluakulu a m'buku, Loweruka ndinkakhala pakhonde, ndipo sindinaonepo kuti pali chosemphana.

Ndirande, 2008

Pasukulu panali mphunzitsi wa masamu, a Magombo a ku Chiradzulu, amene mkazi wawo anali atamwalira. Anali munthu wamtali wosachedwa kuseka, wa malaya odzaza choko nthawi zonse. Anayamba ndi kubwereka buku kwa Felista, akuti akufuna aone chimene timakanganirana pa tiyi. Atabweza anabwerekanso lina. Posakhalitsa ankachongera limodzi mapepala a ana pansi pa mtengo wa kuseri kwa labu ya sayansi, ndipo ndinamvanso kuseka kwa Felista kumene ndinali nditakuiwala. Ana asukulu ndi amene amayamba kuona zotere. Maina awo awiri anapezeka atalembedwa ndi makala pakhoma la chimbudzi, ndipo ku Ndirande nkhani ikafika pakhoma ndiye kuti yafika kale kumsika.

A Nankhuni anandiitanira mu ofesi n'kutseka chitseko. "A Depute, makolo a komiti abwera kale kawiri. Mmodzi mwa awiriwa achoke pano temu isanathe. Inu ndinu wachiwiri wanga, ndinunso nkhoswe. Mundiuze dzina, ine ndikapempha transifa." Ndinawapempha kuti andipatse masiku ochepa.

Sindinachite kumufuna Felista. Anandipeza yekha ana ataweruka, ndili m'kalasi ya Folomu 4 ndikusonkhanitsa mitu ya buku ija. Anakhala pa desiki ya kutsogolo ngati mwana wasukulu.

"Baba, tchimo sindinachite," anatero. "Koma sindikunamizani, a Magombo ndimawakonda. Akuti ngati ndamasuka anditenga."

Ndinamufunsa chimene ankafuna kwa ine.

"Mupite kwa a kwa Zuze mukanene kuti banja latha. Ndikanena ine aziti ndi mkwiyo wa mkazi. Mukanena inu amva, chifukwa nkhoswe ndinu."

Apa ndifotokoze kwa inu amene munakulira m'tauni. Kwa a Magombo ku Chiradzulu banja likatha mwamuna ndiye amanyamuka, ana amatsala ndi mayi awo. N'chifukwa chake iwo sankaona chovuta, ankaganiza kuti Felista angobwera ndi ana ake. Kwathu kuchigwa sizili choncho. Mkazi akalowoledwa ana ndi a kuchimuna, ndipo akachoka amachoka yekha. Ndinkawadziwa a kwa Zuze. Tsiku lomwe ndikananena mawu amenewo, alongo ake akanakwera basi n'kudzatenga anawo kupita nawo ku Nsanje, wamng'onoyo ali ndi zaka zitatu. Ndinamuuza Felista zonsezi osabisa kanthu. Ndinamuuzanso kuti ku tchalitchi amuimitsa masakalamenti, ndi kuti za kukhoti zilipo koma mlandu ukamadzatha ana adzakhala atazolowera kutchula wina kuti mayi.

"Zonsezo ndikuzidziwa, ndine wa komweko," anayankha. "Ndikufunsa kuti inuyo mukuti bwanji." Kenako analoza bolodi. Manotsi a m'mawa anali asanafufutidwe, ndi dzanja langa, mzere wonena za akuluakulu utadulidwa kunsi kawiri. "Izi mumaphunzitsa anazi, mumazikhulupirira kapena ndi za mayeso basi?"

Ndinkazikhulupirira, ndipo ndinkakhulupiriranso zimene ndinali nditangomuuza. Pomaliza ndinati, "Mwana wanga, wolemba buku akatseka buku lake amapita kukagona. Ana a m'bukumo sadzuka m'mawa kufuna phala. Ako adzadzuka. Dikira akule."

"Akule mpaka liti?"

"Mpaka pamene palibe angawanyamule."

Sanalire. Anaimirira, anakonza chitenje chake, n'kunena kuti, "Takhuta, Baba," kuthokoza kwa kwathu. Mawa lake ndinapereka dzina la a Magombo kwa ahedi. Ndinaganiza kuti Felista akasamutsidwa, Zuze adzafunsa chifukwa chake, pamene mphunzitsi wa masamu amafunidwa paliponse ndipo palibe angadabwe. Anawatumiza kutali, cha ku Neno. Tsiku lonyamuka anabwera mu ofesi yanga n'kundipatsa moni wa manja awiri. Ndinkayembekezera mawu owawa, koma anangoti, "A Depute, a Folomu 4 ndawasiya pakati pa mutu, obwerawo muwauze asawathamangitse." Ndikanakonda akananditukwana.

Ndirande, 2009 mpaka 2014

Felista sanabwerenso kwathu ndi chikwama. Anthu a kumphakati anati ndagwira ntchito yaikulu, ngakhale Zuze anayamba kundipatsa moni wa ulemu potuluka m'tchalitchi. Kusukulu ankaphunzitsa bwino, ana ake ankakhoza, koma pa tiyi ankangomwa tiyi. Ndikamuputa dala za alembi ake a Chizungu ankati, "Mwina mukunena zoona, Baba," n'kutsegula makope. Ndinawasowa makani aja kuposa mmene ndingafotokozere. Tinamva pambuyo pake kuti a Magombo anadikira zaka zingapo, kenako anakwatira komweko. Amene anabweretsa nkhaniyo m'sitafu anainena mokweza, ndipo Felista anapitiriza kuchonga osadzutsa mutu.

Kaphunzitsidwe kanga kanasintha. Mabuku anayamba kupezekako pang'ono, ulusi ndinasiya kumasula, koma funso lija loti wolakwa ndani linayamba kundilemera. Ndinkalilemba pabolodi n'kusiya ana akangane okha mpaka belu. Iwo ankadandaula kuti, "Sala, tingopatseni ansala, mayeso ayandikira." Ndinkawapatsa yomwe ija, poti ndiyo inkabweretsa malikisi, koma m'manja sankaombanso chifukwa ndinkangoiwerenga. A Nankhuni anaona, ndipo asanapume anandifunsa ngati ndikudwala shuga. Ndinapuma ntchito mu 2014. Pa phwando lotsanzikana anandipatsa wotchi yapakhoma ndi bulangete, ndipo Felista ndi amene anasankhidwa kundiveka nkhata ya maluwa. Titamwazikana tinkangoonana mwa apo ndi apo pa maliro.

Machinjiri, 2019

Ndinakumana ndi Zuze mu Limbe, pa depoti ya mabasi, atakalamba kuposa msinkhu wake. Atandipatsa moni anati, "A nkhoswe, mwatitaya. Mwana wanu anachoka pakhomo chaka chatha, inu osabwera n'komwe kudzatiunika." Ndinachita manyazi kwambiri, chifukwa ndinali ndisanamve kalikonse. Anati Felista anadikira wamng'ono uja apite ku sekondale yogonera komweko, ndipo sabata yotsatira ananyamula zovala ndi mabuku ake Zuzeyo ali kuntchito. Anawo pa holide ankapita kumene afuna, poti anali atakula, ndipo kawirikawiri ankapita kwa mayi awo. "Kalankhuleni naye," anatero Zuze. "Inu amakumverani."

Ndinafunsira kwa aphunzitsi anzake mpaka ndinapeza pamene ankakhala, ku Machinjiri chakumapeto, kumene nyumba zimayamba kutalikirana ndi minda. Inali nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, kuseri kuli kadimba ka mpiru. Anali atapempha kusamukira ku sukulu ya kufupi. Atandiona anathamanga kudzandilandira kachikwama kanga, anandikhazika pampando, n'kugwada kundipatsa moni monga kale. Tsitsi linali litayamba kuyera m'mbali. Anandiphikira tiyi ndi mbatata, tinakamba za ana, za mayi anu, za a Nankhuni amene anali atamwalira. Sindinganene kuti ndinapeza munthu wosangalala. Ndinapeza munthu wopuma, wokhala yekha, zaka zake zabwino zitapita. Ndinamufunsa ngati pali wina, ndipo anaseka pang'ono n'kunena kuti, "Pa msinkhu uno, Baba? Amene ndinkamufuna ali ndi ana ake tsopano."

Pamenepo ndinafunsa chimene chinkandiwawa kuyambira ku Limbe. "Nanga bwanji sunandiuze? Ine nkhoswe yako ndimve kwa Zuze pa depoti?"

Anaika kapu yake pansi. "Musakhumudwe, Baba. Munandiuza kuti ndidikire ana akule, ndinadikira, ndipo ana ndili nawo. Pa zimenezo sindikudandaulani. Koma ndikanabwera kwa inu mukanapeza mawu ena abwino. Mukanandibweza, ndipo ine ndikanamvera."

Ankanena zoona. Pa depoti paja ndinali nditagwirizana kale ndi Zuze kuti tidzakumane Loweruka pakhonde pathu, ndipo njira yonse m'minibasi ndinkakonza mawu oti ndidzayambire. Sindinamuuze Felista zimenezo. Ndinamaliza tiyi, anandiperekeza mpaka pamsewu, ndipo Loweruka lija Zuze atafika kunyumba ndinatuma mayi anu akamuuze kuti nkhoswe inapuma ntchito.